Mphini za pa Chifuwa cha Yankho

Mwana wanga Ermelinda sanenera munthu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa khalidwe lomweli, limene ine ndakhala ndikulinyadira, linatsala pang'ono kumulanditsa mwana wake mmodzi yekhayo.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tikadali ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, mtsuko wa eni nyumba amene anatisunga unapezeka utasweka. Ndinafunsa katatu kuti waswa ndani. Ermelinda anangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Ndinathyola kamtengo n'kumukwapula, iye osalira, osanena kanthu. Zoona zake ndinadzazimva patapita zaka makumi awiri, mlongo wake wamng'ono Valentim akuseka pa phwando la ukwati wake: “Amayi, mtsuko wa ku Namwera uja ndinaswa ndine.” Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Ife ndife a ku Ngauma, alimi a chimanga ndi fodya. Mu 1987 tinachoka pamudzi ndi zovala za m'thupi zokha, malemu bambo awo atanyamula Samuele, mwana wathu woyamba, ine ndili ndi Ermelinda kumbuyo. Tinagona m'tchire masiku anayi m'nyengo ya mwera. Samuele anayamba kutsokomola, kenako nthiti zinayamba kulowa mkati akamapuma. Anatisiya tisanafike pa Chiponde. Mtengo umene tinamuika pansi pake ndaufunafuna kangapo, sindinaupezenso. Patapita mwezi, Ermelinda naye anayamba chifuwa chomwecho. Mayi wina wachikulire wa kumeneko anamutemera mphini zisanu ndi imodzi, zinayi pachifuwa, ziwiri kumsana, n'kupakamo muzu wootcha wosinja. Mwana anachira. Ndinagwada n'kupempha mayiwo kuti andionetse muzuwo, ndipo anandionetsa. Amene akufuna kundiweruza pa zimene ndilembe m'munsimu ayambe wakwirira mwana wake m'tchire.

Titabwerera kwathu mu 1994, Ermelinda anayamba sukulu ali wamtali kuposa anzake onse. Anaphunzira ku Mandimba, n'kukapitiriza ku Cuamba. Kumeneko akaweruka ankasenza dengu la anyezi n'kumagulitsa pa mazenera a sitima, ndipo sitima ikanyamuka munthu asanalandire anyezi wake, iye ankathamanga nayo limodzi mpaka amupatse. Komweko anadziwana ndi a Júlio, owotcherera zitsulo, munthu wofatsa ngati anabadwa atakula kale. Anakhala m'banja zaka khumi opanda mwana. Azilamu ake ankamuyankhulira m'mbali, ena pamaso pomwe. Iye pa maliro a kuchimunako ndiye ankayamba kufika pachitsime. Sanabwerepo kwa ine kudzadandaula kuti wakuti wandinena, ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamva kwa anthu, n'kumapita ndekha kukawayankha.

Mu 2019 a Júlio anapeza ntchito ku Portugal, m'katauni kena ka kumapiri, ndipo Ermelinda anawatsatira. Iye anapeza ntchito m'nyumba yosungira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Patapita zaka ziwiri foni inalira. Mwana wamwamuna. Dzina ndinapereka ndine, ndinati Yankho, ndipo amene ankanena aja anadziwa kuti ndikuyankha ndani.

Ndinamuona ndi maso anga mu Agosito chaka chatha, mayi ake atabwera naye kudzacheza. A Júlio anatsala ku ntchito. Kamnyamata ka zaka ziwiri ndi miyezi, ka mphumi ngati ya malemu agogo ake, kosaopa tambala kapena mbuzi. Kankandiitana kuti “vovo”, ndiye kuti agogo m'Chipwitikizi, ndipo kankafuna kudya m'mbale yanga basi. Ndinayenda nako mudzi wonse, khomo ndi khomo, kuyambira makomo a aja ankati mwana wanga ndi chumba.

Sabata yachiwiri mphepo inautsa fumbi, mwana n'kuyamba kutsokomola. Tsiku limenelo Ermelinda anali atatsikira ku Mandimba kukadinditsa mapepala, mwana anandisiyira ine. Masana ndinamuvula malaya n'kuyang'ana nthiti. Ena adzanena kuti sizinkalowa mkati. Ine ndinaziona zikulowa. Ndinamubereka n'kupita pa banka, kagolosale ka a Sumaili, kukagula lumo latsopano, la m'pepala lake. Muzu ndinali nawo kale, sunasowepo m'nyumba mwanga chibwerereni ku Malawi. Ndinamukhazika pamiyendo, ndinapemphera, ndinatema. Zinayi pachifuwa, ziwiri kumsana. Analira akundiyang'ana m'maso, akuti vovo, vovo, ngati akundiuza kuti pali wina akumupweteka, ndimulanditse.

Mayi ake anafika dzuwa litapendeka, n'kutenthetsa madzi oti amusambitse. Ndinamva beseni likugwa kuseri kwa nyumba.

“Amayi, mwamutani mwanayu?”

“Ndamuchita zimene zinakupulumutsa iwe. Tayang'ana pachifuwa pako.”

Ndinkadikira kuti akalipe, mayankho ndinali nditawakonza kale. Iye anangotola beseni n'kukatunga madzi ena. M'mawa mwake anamanga katundu, akuti akapumulireko kwa Valentim ku Cuamba asanakwere sitima ya ku Nampula. Masiku asanu a kucheza anali akadalipo. Potsanzika anandigwadira monga mwa nthawi zonse.

Atafika kutaliko sanasiye kunditumizira mavidiyo. Kwathu foni imagwira pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya basi, ndiye Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkakwera pachulupo ngati mbuzi. Kuno dzuwa linali likuswa mtengo, tikuthirira mbande za fodya m'mawa ndi madzulo. Kumeneko kunali kutayamba kuzizira, mitengo ya m'misewu itafiira yonse n'kumayoyola masamba.

M'vidiyo yoyamba Yankho anali atavala jombo zofiira, akudziponya m'mulu wa masamba ouma mpaka m'khosi. Ndinakuwa pachulu pomwepo.

“Mchotsemo! Njoka!”

“Kuno kukazizira njoka sizioneka, amayi,” anatero Ermelinda akuseka. Anati masambawo akutolera m'thumba chifukwa aphunzitsi a ku kereshe, kasukulu ka ana aang'ono kumene amamusiya akamapita ku ntchito, anauza mwana aliyense kuti abweretse masamba oti akamate papepala.

“Masamba osesa aja? Ndiye munapitira kutali konseko kuti mwana azikatola zinyalala?”

“Wasankha yekha lofiira, akuti ndi la vovo.”



Vidiyo ya tsiku la oyera mtima onse ndiyo inandipweteka. Mwana ali ndi kathumba kosokedwa ndi kapulana, chitenje chimene ndinapatsa mayi ake, akugogoda pa makomo a anthu pamodzi ndi ana ena, eni nyumba n'kumawaponyera mabisiketi m'matumbamo.

“Ermelinda, ine ndinayendapo khomo ndi khomo ku Namwera, iwe uli kumbuyo, ndikupempha gaga. Ndinalumbira kuti wa magazi anga sadzapemphanso pakhomo la munthu.”

“Ndi mwambo wa kuno, amayi. Tsiku limeneli ana onse amatero, ngakhale a dotolo.”

“A dotolo apemphe. Wanga ayi.”

“Ndamva, amayi. Ndimangofuna kuti asamaoneke wachilendo pakati pa anzake.”

Chimene sindinachione m'mavidiyo onsewo n'chakuti pansi pa juzi mwanayo ankavala kamalaya kamkati kothina, kotseka mpaka m'khosi. Mayi ake anali atauza aphunzitsi kuti sachedwa kuzizidwa, asamamuvule kameneko. Anali akubisa ntchito ya manja anga.

Kumayambiriro kwa Novembulo anandiuza za feshita, phwando lina la ku kereshe. Amasonkha moto pabwalo n'kuotcha kasitanya, mtedza waukulu wa mumtengo, ndiye ana amadya n'kumapakana phulusa kumaso. Analonjeza kuti anditumizira. Lamulungu ndinakwera pachulu, palibe. Lamulungu linalo, palibe. Ndikaimba ankangoti, “Tili bwino amayi, ntchito yachuluka,” n'kudula. Ndinayamba kukwera pachulupo tsiku lililonse.

Lachitatu lina masana foni inalira ndili pomwepo. Kuyang'ana, dzina la a Júlio. Mumvetse: zaka zonse zimene a Júlio akhala mkamwini wanga, sitinayankhulanepo maso ndi maso. Akandiona m'njira amapatuka, moni amapereka atanjuta poteropo, akuyang'ana kumbali. Kuona dzina lawo pafoni yanga, ndinakhala pansi pachulu pomwepo.

“Apongozi, pepani kwambiri, ndalumpha mwambo.”

“Wamwalira ndani?”

“Palibe wamwalira. Koma mwana akufuna kutilanda.”

Anafotokoza pang'onopang'ono. Tsiku la kasitanya lija Yankho anadzipaka phulusa thupi lonse, n'kudzithiranso madzi a zipatso mpaka kamalaya kamkati kananyowa. Mphunzitsi anamuvula zonse kuti amusambitse. Anaona zipsera zisanu ndi chimodzi, zakuda, zoongoka, zotalikirana bwinobwino. Anaitana mkulu wa kereshe, mkuluyo n'kuitana anthu a boma oyang'anira ana. Dotolo analemba kuti zimenezi si ngozi, ndi lumo, ndipo anachita ndi munthu wamkulu mwadala.

“Ermelinda amufunsa katatu kuti anachita ndani,” anatero a Júlio. “Mukumudziwa mwana wanu, apongozi. Akungoyang'ana pansi. Tsopano akuganizira ine. Akundifunsa ngati ndimamwa, ngati ndimamenya mkazi. Akuti Natale, Khirisimasi ija, isanafike agamula, kaya mwana akhala nafe kaya akamuika kwina.”

“Nanga inu simunanene bwanji?”

“Anandilumbiritsa. Akuti dzina la mayi ake silitchulidwa mu ofesi ya alendo ngati la chigawenga. Pano ndaimba mobisa, ndili kuseri kwa ntchito.”

Sindikumbukira mmene ndinatsikira pachulupo. Ndikukumbukira kuti ndinapezeka ndili pakhonde la a Malita, mnzanga wa m'kwaya amene timayandikana nyumba, ndikuwauza zonse. Ndinalakwitsa khonde.

“Iii, kumeneko akatenga mwana sabweza,” anatero a Malita. “Amakamupatsa azungu osabereka, dzina n'kusintha. Mudzakumana naye ali ndi ndevu, akukufunsani kuti mayi ndinu ndani.”

“Munapitako liti, a Malita? Inu amene Cuamba yemweyu munamuonera pa maliro?”

Ndinawayankha choncho, koma mawuwo anali atalowa kale. Mvula inagwa sabata yomweyo, anthu n'kuyamba kuokera fodya. Ine ndinkaokera mzere umodzi, n'kupezeka ndaima ndi mbande m'manja, ndikuona mwana m'nyumba ya anthu osawadziwa, akuitana vovo, wina osamva kuti akuitana ndani. Samuele ndimadziwa kuti nthaka inamusunga, ngakhale malo ake ndinawataya. Koma uyu akanatayika ali moyo, akuyenda, akukula, ndipo womutaya ndine.

Tsiku lachitatu ndinalimba mtima n'kumuimbira Ermelinda.

“Bwanji sunanene kuti ndine?”

“Bambo a Yankho akuuzani.”

“Andiuza, ndipo achita bwino. Usawakalipire. Tsopano ndiuze iwe.”

Ndiye anandiuza mmene masiku ake ankayendera. M'mawa akamusiya ku kereshe ankayenda pang'ono n'kubwereranso kudzasuzumira pampanda. Madzulo ankachoka ku ntchito akuthamanga, mtima n'kumakhala pansi pokhapokha akaona jombo zofiira zija zikadali pakhomo la kalasi. Mayi wina wa boma, amene iwo ankangomutchula kuti Dona, ankafika kunyumba osanena. Ankatsekula firiji, kuyang'ana pogona mwana, n'kukhala pampando kuonerera ngati mwanayo amathawa bambo ake akamalowa. Tsiku lina m'sitolo Yankho anadziponya pansi kulirira timagetsi ta Natale. Ermelinda sanathe kukweza mawu kapena kumukoka dzanja, poti anthu ankayang'ana. Anagwada pambali pake, pansi pozizira, mpaka mwana anatopa yekha.

Chilichonse chimene a kereshe anena ankachita kawiri. Anati ana apange mtengo wa Natale wa makatoni, iye anapanga n'kuupaka utoto. Anati pa sewero la kubadwa kwa Yesu Yankho adzakhala nkhosa, iye anasoka chovala cha thonje, n'kuphwasula, n'kusokanso katatu.

“Ndikusoka, amayi, koma sindikudziwa ngati adzachivale akuchokera m'nyumba muno.”

“Uwauze a Dona akowo kuti mayi ako akufuna kuyankhula nawo.”

“Amayi, adzakufunsani mafunso ngati mwana.”

“Andifunse. Wamva? Uwauze.”

Anapangana Lachinayi lina pakati pa Dezembulo. Pachulu sipakanatheka, foni imadukaduka kukachita mitambo. Ndinasiya fodya m'munda, ndinakwera njinga yamoto m'matope mpaka ku Mandimba, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Cuamba, kwa Valentim, amene amagulitsa zipangizo za njinga zamoto pafupi ndi msika. Njira yonse ndinkaloweza mawu a Chipwitikizi amene ndinaphunzira ku sukulu ya mishoni, koma ndikafika pakati ankabalalika.

Valentim anandilandira ndi nzeru zake.

“Amayi, inu mungonena kuti mwana anagwera pa waya waminga wa khola la mbuzi. Ngozi ilibe mlandu.”

“Waya wake uti umatema zinayi kutsogolo, ziwiri kumbuyo, n'kuyeza mipata? Wakula nalo bodza la mtsuko lija iwe.”

“Chabwino, nenani zoona. Koma akafunsa ngati mudzachitenso, munene kuti ayi. Ayi basi. Osaikapo ndiwo.”

“Ukundiphunzitsa kuyankhula ine amene ndinakuphunzitsa kunena kuti mama?”

Ndinkamukalipira kuti asaone mantha anga.

Masana a Lachinayi lija anatsamiritsa foni pachitini cha shuga patebulo. Munaoneka chipinda choyera. Dona uja anali mtsikana ndithu, wamng'ono kwa Ermelinda, wa magalasi, mapepala ali patsogolo pake. Pambali pake panali mwana wanga, atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. A Júlio anakhala kumapeto, theka la nkhope lokha likuoneka. Yankho munalibe, ndipo ndinadzifunsa: kodi amutenga kale? Ermelinda anaona maso anga n'kunena msanga kuti ali ku kereshe.

Chipwitikizi cha kumeneko amameza mawu, sindinkatolapo kanthu, ndiye Valentim ankamasulira. Ndinatchula dzina langa ndi mudzi wanga. Ndinati, “Anatema mwana ndine. Mayi ake kunalibe, anali ku Mandimba. Bambo ake anali kwanu komweko, ndipo munthu ameneyo ngakhale nkhuku amachita kupempha wina kuti amuphere.” Ndinafotokoza za Samuele, za nthiti, za mtengo uja. Dona ankalemba osadzutsa mutu, ndipo sindinkadziwa ngati akukhulupirira kapena akuona ngati nkhalamba yagulidwa kuti iphimbire mkamwini.

Ndiye ndinati, “Bambo a Yankho atembenukire kukhoma.”

A Júlio anatembenuka ndi mpando womwe. Valentim anayang'ana kudenga. Ndinamasula bulauzi pamwamba n'kusendeza chifuwa pafupi ndi foni kuti aone zanga, zimene ananditema mayi anga nthawi ya atsamunda.

“Ermelinda, onetsa zako.”

Anamasula mabatani awiri. Dona anavula magalasi, n'kuwavalanso, n'kuwerama pafupi. Ndinamuona akuwerenga ndi cholembera, osakhudza khungu. Zinayi. Anapempha kuona kumsana. Ziwiri. Analemba nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire mwezi umenewo mpweya unalowa bwino m'chifuwa mwanga.

Kenako anafunsa funso lija. Valentim analimasulira akundiponda phazi pansi pa tebulo.

“Akuti mwana akadzabweranso kwanu n'kudwala chifuwa, mudzatemanso?”

Ndinkadziwa choyenera kunena. Liwu limodzi lokha. Koma zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudziuza kuti muzu uja ukanapezeka m'tchire muja Samuele akanakhala ndi ana ake lero. Kunena kuti ayi kunali ngati kunena kuti zonsezo ndinkadzinamiza. Pakamwa panatsekuka pokha.

“Koma mwanayo anachira.”

Valentim sanamasulire. Dona anafunsa kuti agogo ati chiyani. Valentim anayamba kutsokomola, kugwiragwira foni, akuti mawu akudukaduka. Dona anafunsanso, cholembera chili m'mwamba. Ndinaona kuti ndamutaya mwana uja kachiwiri, ndi pakamwa tsopano.

Pamenepo Ermelinda anadzutsa mutu. Anayankhula m'Chinyanja, ndi mawu amene sindinawamvepo chimuberekereni.

“Amayi, sanachire ndi mphini. Titafika ku Cuamba ndinapita naye ku chipatala. Chinali chimfine cha fumbi chabe, koma mabala awiri anatukusira, anamwa mankhwala sabata yathunthu. Funsani Valentim, ndiye anatinyamula. Ndinakubisirani kuti musachite manyazi. Za mtsuko ndinakhala chete. Za azilamu anga ndinakhala chete. Apa ndakhala chete mwezi wathunthu, mpaka bambo ake akuyesedwa chilombo chifukwa cha ine. Ndatopa, amayi. Samuele anapita, simungamubweze pathupi pa mwana wanga. Ngati simulumbira pano, Yankho simudzamuonanso, kaya amutenga awa, kaya ndatsala naye ine.”

Ndinayang'ana Valentim. Anagwedeza mutu kuvomera, maso ali pachitini cha shuga.

Ermelinda sanadikire kuti mlongo wake akonze mawu. Anatembenukira kwa Dona n'kumasulira yekha zonse, kuyambira mawu anga aja akuti mwana anachira mpaka ake omaliza. Chipwitikizi chake ndiye ndinkachimva bwinobwino, chifukwa ndi chathu chomwechi. Ndinamva akutchula dzina langa, tsiku lake, lumo, muzu. Mwana amene sananenerepo munthu chibadwire ananenera munthu tsiku limenelo, ndipo munthuyo anali mayi ake.

Ndinafuna kukwiya. Mkwiyo ndi umene ndimaudziwa bwino. Koma ndinayang'ana mafupa a m'khosi aja, ndi msana wa a Júlio amene anali akadayang'ana kukhoma poti palibe anawauza kuti atembenuke, ndipo mkwiyo sunabwere. Ndinamanga bulauzi, ndinaimirira, ngakhale foni inkangoonetsa pamimba pokha mpaka Valentim anaikweza.

“Ndikulumbira pa dzina la Samuele, amene sindidziwa pamene agona. Lumo sindidzaligwiranso pathupi pa mwana, wanga kapena wa munthu.”

Ndinabwerezanso m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka kuti amve kuchokera pakamwa panga. Dona anathokoza, anati akakambirana ndi anzake ndi dotolo, yankho lidzabwera. Nkhope yake sinanene kanthu. Foni inada.

Ndinakana kubwerera ku Ngauma. Valentim anati fodya afota, ndinati afote. Ndinakhala masiku asanu ndi atatu pakhonde lake, foni ili pamiyendo. Sitima ikalira ndinkadzidzimuka. Foni ikalira ndinkaopa kuigwira, n'kupezeka ndi a Malita akufunsa ngati amutenga kale. Ermelinda sanaimbe ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinayerekeze kumuimbira.

Lachisanu linalo, cha m'ma 4 koloko, anaimba.

“Amayi, mwana akhala nafe.”

Ndinagwa chogwada pa simenti. Mkazi wa Valentim anatuluka akuthamanga, akuyesa maliro.

“Koma a Dona azibwerabe kudzationa mpaka Pasaka itapita,” anapitiriza Ermelinda. “Ndipo palembedwa kuti tikadzabwera kumudzi, Yankho sadzatsala ndi inu nokha.”

Ndinapukuta m'maso. “Zimenezo alemba okha, kapena unapempha ndiwe?”

Sanayang'ane pansi. Ndinkamuona pafoni, anandiyang'ana m'maso.

“Ndinapempha ndine, amayi.”

Ndinati chabwino.

M'mawa mwake vidiyo ya sewero inafika. Ana ena anagwada bwinobwino mozungulira chodyeramo ziweto. Nkhosa imodzi yokha, ya jombo zofiira, inakana kugwada, ikuzungulira pabwalo n'kumazula thonje la pamimba pake n'kumapatsa makolo a m'mipando yakutsogolo. Anthu ankaseka. A Júlio ankamveka kuseka kuposa onse. Ndinaionera kasanu ndi kawiri. Kumapeto kwake, mayi ake akumunyamula, mwanayo anatsokomola kawiri. Ndinabweza pamenepo, ndinabwezanso, ndikuyesa kuona nthiti kudzera m'thonje.

Ndinaimba. “Wachimva chifuwacho?”

“Ndachimva. Tapita naye kale kwa dotolo dzulo lomwelo. Akuti n'cha kuzizira.”

“Umuveke juzi ziwiri.”

“Ndamuveka, amayi.”

Ndi ameneyo Ermelinda wanga. A Dona anasiya kubwera Pasaka itapita, monga ananenera. Agosito wa chaka chino sanabwere kumudzi, anati ntchito, ndipo ine sindinafunse kawiri. Mavidiyo akubwera. Masamba agwanso kumeneko, Yankho wasankhanso lofiira, ndipo tsiku la oyera mtima anayendanso m'makomo ndi kathumba ka kapulana yanga. Ndinaonera, sindinanene kanthu.

Muzu uja ndinauponya m'chimbudzi tsiku lomwe ndinafika kuchokera ku Cuamba, a Malita akuona, kuti akalengeze. Koma mtengo wake ndimaudziwa pamene uli, m'mbali mwa njira ya kumunda. Masiku ano ndimadzera njira ya kudambo, ngakhale ndi yozungulira.